Tcheni chouma chimadya mpamba

Anzanga a mumsika, nditakufunsani kuti chimadya mpamba wa munthu wa geni n'chiyani, mayankho muli nawo kale pakamwa. Wina anena ngongole za makasitomala oiwala msanga. Wina anena achibale a kumudzi amene amayesa kuti aliyense wokhala ndi benchi mumsika ndi banki. Wina atchula makoswe, wina tikiti ya msika, winanso kugwa kwa kwacha. Zonsezo n'zoona ndithu. Koma pali kambala kena kamene sititchula, chonsecho tikuyenda nako tsiku ndi tsiku. Kambalako kali kunsi kwa mwendo wa aliyense wokwera njinga yamoto. Ndikunena tcheni.

Musaseke. Masiku ano ndi katundu uti amafika pa benchi panu osakwerako njinga yamoto? Tomato, kabichi, nkhuku, mabelo a kaunjika, makireti a zakumwa, ngakhale inu eni ake m'mamawa pothamangira kopikula. Ena mwa inu munachita kusonkha ku banki m'khonde n'kugula njinga yanuyanu, mwaipereka kwa mnyamata kuti azichita kabaza. Ndiye nkhani ya tcheni si ya amakaniko okha ayi. Ndi yanu.

Ine geni yanga ndi ya mbewu. Ndimagula mtedza, soya ndi nyemba m'midzi ya kuno ku Kasungu n'kumagulitsa kwa opikula pa boma. Lolemba ndikhoza kukhala cha ku Chamama, Lachitatu ku Santhe, Lachisanu ku Chulu. Amene munafikako kuno mukudziwa m'mene dziko lake lilili. Ukangolisiya kumbuyo phiri la Kasungu, maso amangoona minda ya fodya ndi zigafa mpaka kumene kwathera thambo. Kulibe zitunda zoopsa ngati za ku Dedza kapena ku Ntcheu, moti munthu akhoza kuganiza kuti njinga kuno zimapuma. Bodza! Ukangotsika pa tala, ndi mchenga wokhawokha. Dothi lomwelo limene fodya amalikonda ndi limene limatafuna zitsulo. Chilimwe ndi fumbi, dzinja ndi matope a m'madambo, ndipo zonsezo zimathera pa tcheni.

Kale ndili mnyamata, njinga zamoto kuno zinali zowerengeka. Mthuthuthu ukalira m'mudzi, ana tonse timathamangira kumsewu podziwa kuti ndi mlangizi, bambo mfumu kapena kapitawo wa ku esiteti. Amalume anga anali mlangizi wa zaulimi. Chaka cha 1990 boma litayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa bale, amene kale anali wa eni maesiteti okha, ntchito inawachulukira zedi. Lero kalabu iyi, mawa kalabu ina, kuyendera nazale, kuyendera zigafa. Iwo amayendera Yamaha AG, njinga imene tcheni chake chimakhala chovindikiridwa chonse kuti fumbi lisachifikire. Komabe ngakhale zinali choncho, Loweruka lililonse masana amakhala pansi pa mtengo wa mango, kutsekula chovindikiracho n'kuyamba kuchisisita tcheni ngati mwana wakhanda. Ine ntchito yanga inali yozungulitsa gudumu.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Kodi amalume, bwanji simutopa nacho chitsulochi?"

Iwo anati, "Mphwanga, injini ndi ng'ombe, gudumu la kumbuyoli ndi ngolo, tcheni ndi goli. Ng'ombe zinenepe bwanji, goli likathyoka ngolo siyenda."

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Lero njinga zili mbwee. Lifo, Sanlg, Kinglion, Boxer, pa siteji iliyonse kuchokera pa Chinkhoma mpaka pa Nkhamenya. Koma imani tsiku lina m'mbali mwa msewu mumvetsere. Mwa njinga zambiri zodutsa mumva phokoso la tsekeretsekere, khwekhwerere, ngati munthu akukoka unyolo wa galu pa simenti. Limenelo si phokoso wamba. Ndi ndalama zikugwa.

Tiyeni tiyambe tachidziwa chinthucho. Tcheni chimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma ndi timfundo toposa 100 tolumikizana. Mfundo iliyonse ili ndi kamsomali kolowa m'kapaipi, ndipo kunja kwa kapaipiko kuli kachitsulo kozungulira kamene kamakhala pakati pa mano a sipuloketi, gudumu la mano lija. Mapangidwe amenewa ndi akalekale, anawatulukira mkulu wina dzina lake Hans Renold mumzinda wa Manchester ku Mangalande m'chaka cha 1880, ndipo mpaka lero sanasinthe kwenikweni. Njinga zambiri zathu za kabazazi zimavala tcheni cha nambala 428, ndiye nambala imene mumaiona pa katoni mukamagula.

Tsono gudumu likamazungulira, mfundo iliyonse imapindika n'kuwongoka, kupindika n'kuwongoka, kambirimbiri pa kilomita imodzi yokha. Pamene pamakhulana ndi m'kati, pakati pa kamsomali ndi kapaipi kaja. Pakakhala oyilo, zitsulozo zimatsetsereka. Pakauma, zimadyana. Anyamata amati "tcheni chatamuka," ngati kuti chitsulo ndi legeni. Chitsulo sichitamuka, abale. Chimene chachitika n'choti kamsomali kalikonse kadyeka pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa tsitsi. Koma tsitsi limodzi pa mfundo iliyonse, mfundo zoposa 100, mupeza tcheni chatalika moti sichikukhalanso bwino pa mano. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ngakhale pa zoipa.

Pa masiteji athu ndimaona anthu a mitundu itatu. Oyamba ndi amene sathira kalikonse. Njinga amaitsuka bwinobwino ndi sopo, thanki kuchita kunyezimira, magalasi mbee, koma tcheni chili psuu ndi dzimbiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Achiwiri ndi a oyilo wakuda. Amapita pa galaja, kupempha oyilo wotsitsidwa mu injini, n'kukhuthulira pa tcheni chimene chili kale ndi mchenga. Phokoso limaleka, iwo n'kumati zatheka. Koma taganizani. Oyilo uja anamuchotseranji mu injini? Chifukwa watha ntchito, wadzaza mwaye ndi tizidutswa ta zitsulo. Ukamuthira pamwamba pa mchenga, amautenga mchengawo n'kuulowetsa m'kati mwenimweni mwa mfundo. Ndiye kuti wapanga phala lonolera. Amene munanolapo mpeni pa mwala wothira madzi mukudziwa chimene chimachitikira chitsulo. Kuonjeza apo oyilo wotereyu ndi wopyapyala, ukangoyenda pang'ono wamwazikira pa thalauzi ndi pa tayala.

Achitatu ndi a girisi. Awa amamata girisi wochuluka ndi chala ngati akupaka majarini pa buledi. Girisi wozizira salowa m'kati momwe mukufunika mafuta, amangokhala kunja n'kumakola fumbi lililonse la pa msewu. Pakatha sabata tcheni chimakhala chavala chikhoto cha matope akuda, m'kati muli gwa.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, anali wa gulu lachiwiri. Iye ndi wa kaunjika, ndipo aliyense wa kaunjika kuno amadziwa kuti chaka chonse chimadalira miyezi yochepa ya msika wa fodya, pamene alimi akuchokera ku okushoni ya pa Chinkhoma kapena ku Kanengo matumba ali otupa. Chaka chimenecho anatenga ngongole ku banki m'khonde m'dzina la mkazi wake, n'kupikula mabelo awiri a majekete poti kunali kulowa chisanu. Ndinakumana naye pa boma, njinga ikulira ngati chigayo.

Ndinati, "Alamu, tcheni ichi chatha. Taonani mano a sipuloketi m'mene apindikira ngati minga ya kankhande."

Iye anaseka. "Alamu inunso, chikuyendatu ichi. Ndisintha ndikagulitsa majeketewa."

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Patangopita masiku ochepa, ali pa ulendo wa ku msika wa tsiku, belo kumbuyo, tcheni chinadumpha pa mano n'kudzikulunga pakati pa sipuloketi ndi chitsulo chogwira gudumu. Gudumu linangoti gwa pomwepo. Munthu anagwera uko, belo uko. Anathyoka fupa la paphewa, ndipo tcheni pokwapula chinang'amba chivindikiro cha injini cha kutsogolo kuja. Miyezi iwiri ali pakhomo, mkono uli pa nsalu ya m'khosi. Pamene amachira n'kuti fodya atatha, alimi atabwerera ku umphawi wawo, kutentha kutayamba. Ndani agule jekete mu Seputembala? Amayi a ku banki m'khonde anabwera kudzanyamula mipando. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Phindu limene amaliwerengera lija linapita ndi mphepo chifukwa cha chitsulo chimene mtengo wake sunafike ngakhale pa theka la belo limodzi.

Tsono mundifunsa kuti nanga tizitani? Ntchito yake ndi yochepa kwabasi, ndipo zida zake muli nazo kale kunyumba: palafini pang'ono m'kachitini, mswachi wakutha, kansanza, ndi kabotolo ka oyilo watsopano wa giyabokosi, uja wa nambala 80 kapena 90. Oyilo ameneyu ndi wokhuthala bwino, amalowa m'kati koma sathawa msanga, ndipo ndi amene mabuku ambiri a njinga amalangiza. Kuli mankhwala opopera a m'zitini opangira tcheni, ndi abwino ndithu kwa amene angakwanitse, koma kabotolo kamodzi ka oyilo wa giyabokosi kamakutha miyezi.

Ine ndimachita madzulo ndikangofika, tcheni chikadali chofunda, chifukwa oyilo amalowa bwino pa chitsulo chofunda ndipo amakhala ndi usiku wonse woti akhazikike. Ndimaimika njinga pa sitandi yapakati kuti gudumu la kumbuyo likhale m'malere. Ndimazimitsa injini, kuika pa nyutilo, kiyi m'thumba.

Apa ndiimepo kaye, chifukwa ndi pamene pagona moyo. Injini izime! Pali chizolowezi choipa choliza injini, kulowetsa giya, gudumu lizizungulira lokha, munthu n'kugwira kansanza pa tcheni kuti ntchito ifulumire. Pa siteji ina kuno pali mnyamata amene lero amawerenga ndalama ndi zala zitatu. Kansanza kanakodwa, kanakoka dzanja, sipuloketi inadula zala ziwiri asanakuwe n'komwe. Sipuloketi siidziwa kusiyanitsa nsanza ndi mnofu. Gudumu muzizungulitsa ndi dzanja, ndipo kansanza kazigwira pa mbali ya m'munsi, kutali ndi mano.

Choyamba ndi kutsuka. Viikani mswachi m'palafini, tsukani mfundo ndi mfundo, pamwamba, pansi ndi m'mbali, uku mukuzungulitsa gudumu pang'onopang'ono. Muona madzi akuda bii akutsika, ndipo mukawagwira ndi zala mumva mchenga. Tsukaninso mano a sipuloketi. Petulo musagwiritse ntchito. N'ngoopsa pa moto, komanso pali matcheni ena okwera mtengo okhala ndi timphira m'mfundo zake tosunga mafuta m'kati, ndiye petulo amatiwononga timphirato. Mukatha pukutani ndi kansanza, dikirani pang'ono kuti palafini aume. Nthawi ya dzinja mukadutsa m'madambo, yambani mwachotsa matope ndi madzi, kupukuta, kenaka palafini.

Chachiwiri ndi kuthira oyilo. Dontho limodzi pa mfundo iliyonse, basi. Thirani cha m'kati mwa tcheni, mbali imene imakhudza mano, pa chigawo cha m'munsi chija, kuti gudumu likamazungulira oyilo azikankhidwira m'kati mwa mfundo. Ukathira kunja, amangomwazika. Zungulitsani gudumu kangapo kuti alowerere.

Chachitatu, chimene ambiri amaiwala, ndi kupukutanso. M'mawa musananyamuke tengani kansanza kouma mupukute oyilo yense wa kunja. Tcheni chabwino chimakhala chonyowa m'kati, chouma kunja. Oyilo wa kunja alibe ntchito ina koma kuitana fumbi, ndipo akafika pa tayala kapena pa buleki ndiye mwaputa ngozi ina.

Kangati? Pa misewu yathu ya fumbiyi musapyole makilomita 500 musanachite zimenezi. Kuchokera pa Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndiye werengani nokha kuti mnyamata wa kabaza woyenda tsiku lonse amawakwanitsa masiku angati. Kwa ine ndi kamodzi pa sabata, ndipo mvula ikandinyowetsa panjira sindidikira sabata ithe.

Mukatsuka, onaninso kulimba kwake. Kankhani tcheni ndi chala pakatikati pa masipuloketi awiriwo, m'mwamba ndi pansi. Pa njinga zambiri zazing'onozi chiyenera kusewera masentimita awiri kapena atatu, ngati kunenepa kwa zala ziwiri zazing'ono. Chikalendewera kwambiri chimadumpha, zija zinaonekera mlamu wanga. Koma kumangitsanso n'koipa, mwinanso kuposa. Inu onyamula katundu mvetsani apa: njinga ikalemedwa ndi matumba, kumbuyo kumatsika ndipo tcheni chimakokeka. Ngati munachimanga ngati chingwe cha gitala njinga ili yopanda kanthu, mukakweza matumba awiri a mtedza chimayamba kukoka mabeling'i a injini ndi a gudumu, mapeto ake chimaduka. Choncho mukamanga, khalanipo pa njinga kapena kwezani katundu, wina aone ngati chikusewerabe. Zungulitsaninso gudumu muyese malo angapo, chifukwa tcheni sichidyeka mofanana, ndipo muyezo muutengere pamene pali polimba kwambiri.

Pomanga, manati a mbali zonse ziwiri ayende mofanana. Pa chitsulo chogwira gudumu pali timizere, onetsetsani kuti kumanja ndi kumanzere mwaima pa mzere umodzi. Gudumu likapotoka, tcheni chimadya mano cham'mbali, tayala nalonso limatha mbali imodzi. Ndipo pa joini pali kachitsulo kotsekera kooneka ngati kansomba. Mutu wake, mbali yotseka ija, uziyang'ana kumene tcheni chikupita. Mukakatembenuza, tsiku lina kakodwa n'kuthothoka, tcheni n'kugwa pamsewu ngati njoka.

Chilichonse chili ndi mapeto ake. Kuti mudziwe kuti chatha, gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi ya kumbuyo n'kuchikoka. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chapita chimenecho. Mano akasongoka kapena kupindikira mbali imodzi, sipuloketi nayo yatha. Apa anthu amachita zinthu ziwiri zopweteketsa. Ena amadula mfundo ziwiri kuti tcheni chifupike. Chifupika inde, koma mfundo zotsalazo n'zodyekabe, ndipo zipitiriza kukwera pamwamba pa mano. Ena amagula tcheni chatsopano n'kuchiveka pa masipuloketi akutha. Mano akuthawo amachidya chatsopanocho mwezi usanathe. Zitatuzi, tcheni ndi masipuloketi awiri, zimalowa limodzi ndipo zimatuluka limodzi, ngati mafuwa a pa moto.

Ndikudziwa kuti zitsulo zakwera. Zonsezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeyala inathawa osabwereranso. Koma chimenecho ndiye chifukwa chenicheni chosamalira chimene uli nacho. Mtengo wa ku shopu sungausinthe, koma masiku amene tcheni chikhale pa njinga yako ali m'manja mwako.

Onani a bungwe la Riders for Health, aja amanyamula magazi ndi makhololo okayezetsa kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Misewu imene amayenda ndi yomweyi, mchenga wake ndi womwewu. Chinsinsi chawo si mankhwala ayi. Oyendetsa awo amaphunzitsidwa kuti tsiku lililonse asananyamuke aone mafuta, oyilo, kulimba kwa tcheni, manati, mabuleki ndi matayala. Mphindi zochepa m'mawa, njinga n'kumatha zaka.

Tsono ndilankhule ndi inu amayi, chifukwa ambiri okwera kumbuyo ndinu. Anyamata ena amachotsa chovindikira tcheni, ati njinga izioneka yachinyamata, ena ati chimasokosa. Chikasokosa ndiye kuti tcheni chalendewera, mankhwala ake ndi kumanga, osati kutaya chovindikira. Chovindikira chija chimatchinga mchenga, komanso chimatchinga chitenje chanu. Nsonga ya chitenje kapena ya siketi yaitali ikakodwa pa tcheni njinga ili pa liwiro, imakukokerani pansi inu pamodzi ndi mwana ali kumsana. Musanakwere, yang'anani kunsiko. Ngati tcheni chili pamtunda, chofiira ndi dzimbiri, chikulendewera, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, pepani, ndikwera ina." Ndalama ndi yanu, miyendo ndi yanu. Mukakwera, kulungani chitenje bwinobwino pansi pa ntchafu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanunso eni njinga amene mumangodikira ndalama ya tsiku madzulo, tamverani. Mnyamata uja mwamuuza kuti azibweretsa zakutizakuti tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa. Mafuta agule yekha, chakudya adzione yekha. Mukuganiza kuti pa kandalama kotsalako achotsapo ya palafini ndi oyilo wa njinga imene si yake? Sachita, ndipo musamunene kuti ndi woipa mtima. Gulani inuyo kabotoloko, kazikhala pakhomo panu. Sankhani tsiku limodzi pa sabata loti abwere nayo msanga njingayo, mukhale naye pansi muone ndi maso anu akutsuka. Muzikoka nokha tcheni, muziona nokha mano. Inu amene mumadziwa kuti m'dengu mwatsala tomato angati osawerenga n'komwe, zingakukanikeni kuyang'ana chitsulo chimodzi? Ndipo mnyamata amene akusamala njinga yanu mumuonjezereko kangachepe, chifukwa akukusungirani mpamba.

Anyamata a m'tauni zinthu zikamayenda bwino amati tcheni chili pa kalanka. Anaona bwino. Koma kuti chikhalebe pamenepo pamafunika mswachi wakutha, palafini wa m'kachitini ndi munthu wosanyozera. Sabata ino msika ukatha, musanawerenge ndalama za tsikulo, pitani kaye kuseri mukazungulitse gudumu, mumvetsere.